5G Yafika, Nanga Float ya Asisi Anga Ili Kuti?

Asisi anga amagwila nchito mu booth ya mobile money ku Kanyama. Pa Cisanu cina mu September 2024, ca m'ma 14 hours, foni yawo ya nchito inaleka kugwila netiweki. Sanadabwe. Mukumbukila caka cija: madzi anacepa ku Kariba, malaiti anali kupita usiku n'kubwela usiku wina, ndipo ma tawa a netiweki nawonso anali kugona mabatili akatha. Anaika foni mu kabati, n'kumauza makasitomala kuti abwele mailo. Pa Ciwelu kuseni anzawo onse pa mzele wa ma booth anali kutumiza na kucotsa ndalama bwino-bwino, kupatulako iwo. Atafika ku ofesi ya kampani m'tauni, anawauza kuti nambala yawo inaikidwa pa SIM ina dzulo lake. Float ya K4,300 inapita yonse m'mphindi zosakwana 30.

Mtsikana wa pa kaunta anafunsa funso limodzi cabe: "Amai, simunauzeko munthu PIN yanu?" Aliyense amene anamva nkhaniyi anafunsa lomwelo. Mwini booth sanafunse ciliconse. Anangoyamba kudula K400 mwezi uliwonse pa malipilo a K900.

Sinikunamizani kuti asisi sanalakwitse. Pa Ciwili sabata imeneyo munthu anawatumila foni, wa mau aulemu, ati ni wa ku kampani ndipo akukonza ma akaunti a ma agent. Anachula maina awo onse atatu, nambala ya NRC, nambala ya booth, na ndalama imene kasitomala womaliza anacotsa. Anawauza manambala akuti adinize, iwo anadiniza. Analakwitsa, inde. Koma palibe olo mmodzi amene anafunsa kuti munthu uja zonsezo anazidziwa bwanji. Palibe amene anafunsa kuti ndani anavomeleza kusintha SIM ya munthu amene ali pa nchito, foni ili m'manja, iye osaonekela nkhope.

Nayamba na asisi cifukwa masiku ano kulikonse kumene nipita nikumana na mau awili, 5G na AI. MTN inayatsa 5G muno mu November 2022, Airtel inatsatila mu 2023. Kumapeto kwa 2024 unduna wa a Felix Mutati unatulutsa ndondomeko ya dziko ya AI. Pa misonkhano ya m'mahotela abwana ovala majekete amakamba nkhani imodzi-modzi: netiweki yatsopano ni yothamanga, ndipo makina anzelu adzailondela usana na usiku, kawalala sadzaona poloŵela. Ife m'komboni timaomba m'manja, cifukwa ndani safuna vidiyo yosadukiza? Koma akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine mkangano wanga ni uwu: mlonda amalondela amene amam'lipila. Malinga ngati ndalama ikabedwa woluza ni mtsikana wa mu booth, makina aja, olo akhale anzelu bwanji, si ake.

Tiyeni tiyambe na 5G yeni-yeniyo, ndipo niipatse ulemu wake. Foni yanu ikafuna kulankhula imasakila tawa imene ili pafupi. Pa 2G, netiweki ya m'ma 1990, foni imadzionetsa kwa tawa kuti ndine uje, koma tawa siidzionetsa kwa foni. Conco munthu angathe kuika kamakina m'cikwama kapena m'buti ya motoka kamene kamadzicititsa ngati tawa, mafoni a pafupi n'kuthamangila kwa iko monga nkhuku zaona gaga. Akatelo amakutumizilani meseji yokhala na dzina la banki yanu pamwamba. Apolisi agwilapo kale anthu na makina otele ku Bangkok na ku London. 3G inakonzako vuto la tawa yabodza, ndipo 5G inapitilila: nambala yacinsinsi ya SIM yanu, imene pa maneti akale nthawi zina imauluka mumphepo yosavala, pa 5G yathunthu imabisidwa. Ici n'cinthu cabwino, sinikana.

Manje funsani kuti ndani ali pa 5G yathunthu imeneyo. M'maiko ambili makampani anayamba mwa kumangilila tinyanga twa 5G pa mtima wakale wa 4G, ndipo pa 5G ya mtundu uwu kubisa kuja kulibe. Ndiponso foni iliyonse, olo ya K20,000, netiweki ikafooka imatsika masitepe: 4G, 3G, mpaka 2G, ndipo kamakina ka m'buti kaja kamadziŵa kuikankhila pansi. Nanga amai anga ogulitsa repu ku Soweto? Kafoni kawo ka mabatani sikadziŵa n'komwe kuti kunja kuno kuli 5G. Ndalama ya komboni yonse imayenda pa nyenyezi, manambala na hash, komanso pa SMS, njila zimene zinapangidwa ambili a ife tisanabadwe. Kuseli kwake kulinso SS7, cinenelo cimene makampani a mafoni amalankhulilana naco, ca m'ma 1970, cimene cinapangidwa poganiza kuti aliyense woloŵamo ni wokhulupilika. Mu 2014 akatswili anaonetsa poyela ku Hamburg kuti munthu woloŵa mu SS7 angadziŵe kumene muli na kupatutsa ma meseji anu. Mu 2017 ku Germany akawalala anacitadi zimenezo: anapatutsa ma SMS a manambala acinsinsi a ku banki n'kukolola ma akaunti a anthu. Ndiye nyumba yathu ili so: kutsogolo citseko ca nsimbi copenta bwino, ca pa billboard, kumbuyo windo yotseka na saka. Amene muli na Android 12 kupita m'mwamba, yang'anani mu settings, mafoni ena ali na pozimitsila 2G. Amai anga alibe.

Nanga AI ija, imacita ciani kweni-kweni pa netiweki? Si mfiti. Ni pulogilamu imene aidyetsa mbili ya mafoni na ma meseji mamiliyoni, mpaka iphunzile mmene tsiku labwino limaonekela. Cikacitika cacilendo, imakweza dzanja. SIM imodzi yatumiza ma meseji 2,000 mu ola limodzi, onse ofanana: dzanja m'mwamba. Tawa ina yalandila mkokomo wa data umene siunaonekepo: dzanja m'mwamba. Pa netiweki ya 5G, imene mbali yaikulu ni mapulogilamu a pa kompyuta ndipo idzanyamula mamita a malaiti, makamela na makina a m'migodi, munthu payekha sangakwanitse kuyang'ana zonse. Makina afunikadi. Airtel inayamba ku Nigeria mu March 2025 kugwilitsila nchito AI yocenjeza anthu pa ma SMS okayikitsa, n'kupita nayo kumaiko ena. Zabwino.

Koma bwelelani ku Kanyama pa Cisanu cija. SIM imene yakhala pa kona imodzi zaka zitatu, Mande mpaka Ciwelu, mwadzidzidzi yasinthidwa. Yayakila pa foni ina, ku dela lina. M'mphindi 30 yakhuthula zonse ku manambala acilendo. Kodi izi zifunika nzelu za ku mwezi kuti munthu aone kuti pali cinacake? Mwana wa giledi 7 angaone. Lamulo limodzi lopusa likanakwana: SIM ikasinthidwa, ndalama zisatuluke mpaka papite tsiku limodzi kapena aŵili. Palibe cimene cinakweza dzanja.

Ndipo musaganize kuti makampani a mafoni sadziŵa kusaka. Kwa zaka zambili padziko lonse akhala akusaka ma SIM box, makina amene amaloŵetsa mafoni a kunja ngati a muno, cifukwa amenewo amadya ndalama ya kampani. Bundle yanu ikatha amadula pa sekondi yomweyo, makina salakwitsa. Mukakongola talktime, tsiku limene mudzaika ndalama amakumbukila. Pamene pali ndalama ya bwana mlonda ali maso. Pamene pali ndalama ya asisi anga, amatumiza meseji yakuti tisauze munthu PIN, n'kusamba m'manja.

Ku Britain anaona cinthu comweci pa mabanki. Kuyambila pa 7 October 2024, munthu akapusitsidwa n'kutumiza yekha ndalama kwa kawalala, banki iyenela kum'bwezela mpaka mapaundi 85,000, pokhapo itaonetsa kuti anacita mphwayi yoopsa kapena ali m'ciwembuco. Mtengo wake amagaŵana banki yotumiza na banki yolandila. Anadziŵa kuti banki ikayamba kumva kuŵaŵa m'thumba mwake, idzagula mlonda wabwino popanda womukakamiza. Ine nifuna Bank of Zambia na ZICTA acite cimodzi-modzi pa mobile money, kuyambila pa nkhani yosavuta: ngati SIM yanga yasinthidwa ine kulibe, wobweza ndalama akhale amene anaisintha. Mudzaona mmene AI idzakhalila yanzelu mwezi womwewo.

Wina adzati, anthu adzayamba kunama kuti abedwa. Ena adzanama, n'zoona. Koma si imwe munati muli na makina oona zonse? Agwileni nawo. Simungatiuze kuti makina ni anzelu potsatsa malonda, koma ni mbuli tikabwela na dandaulo.

Mbali ina imene abwana a m'mahotela amaikamba mothamanga ni yakuti kawalala nayenso ali na AI, ndipo iye safunika kuyembekezela msonkhano wa board. Tonse tinaseka ma meseji aja akuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", olembedwa ngati munthu ali pa njinga. Nthawi yoseka yatha. Lelo pulogilamu ingamvetsele mau a munthu kwa kanthawi kocepa n'kuyamba kulankhula ngati iye. Ma voice note anu a pa WhatsApp, tumavidiyo twanu twa pa TikTok, zonsezo ni cakudya cake. Kuciyambi kwa 2024 ku Hong Kong, wanchito wa kampani ya mainjiniya ya Arup anakhala pa msonkhano wa pa vidiyo na bwana wake wa zandalama pamodzi na anzake ena. Nkhope anazidziŵa, mau anawadziŵa. Onse anali opanga. Anatumiza ndalama zokwana pafupi-fupi madola 25 miliyoni a ku America. Uyu ni munthu wophunzila, wa mu ofesi ya magalasi. Manje ganizilani ambuya anu ku Chipata alandila foni usiku, mau ni anu eni-eni, mukulila kuti muli ku cipatala. Mudzawaimba mlandu kuti sanasamale?

Ndipo sitifunika kupita ku Hong Kong. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission na anzawo anathyola nyumba ina ku Roma, muno mu Lusaka, ya kampani yochedwa Golden Top Support Services. Anagwila anthu 77. Anapeza ma SIM opitilila 13,000, ena a muno ena a kunja. Mu June caka comweco anthu 22 a ku China anapatsidwa zaka za m'ndende. Acinyamata amene anali pa makompyuta anali anzathu, a zaka za m'ma 20, olembedwa nchito ngati ya call centre, opatsidwa mau olembelatu akuti azinyengelela nawo anthu. Ine cimene cimanivutitsa ni ma SIM aja. M'dziko limene kugula SIM imodzi ufunika NRC na kukujambula nkhope, a muno aja analembetsedwa na ndani, pa maina a ndani? Khoswe wa pa mkhate sapheka. Kawalala woopsa si uja wa kamakina ka m'buti; ni uja wovala yunifomu, wa malipilo ocepa, amene ali na password ndipo wina wamulonjeza K500. 5G siikonza zimenezo. Ndipo cokhumudwitsa cina n'cakuti nchito ya acinyamata a ku Roma aja, yolemba ma meseji acikondi na amalonda abodza, manje pulogilamu imodzi ingaigwile yokha m'zinenelo 20. Ngakhale ku ukawalala kwayamba kucotsa anthu nchito.

Pa zinenelo pomwepo pali nkhani. Makina awa anaphunzila kwambili pa Cizungu, cifukwa n'cimene cadzala pa intaneti. Kawalala wa muno salemba Cizungu ca m'buku. Amayamba na Cinyanja, pakati aikamo Cibemba, amalizila na "ba boss", ndipo mailo asintha kalembedwe. Mlonda wogula kunja amene samva cinenelo ca pa geti adzalola wolakwa kuloŵa n'kugwila wosalakwa. Adzaona amai a tomato alandila tundalama 60 twa K10 na K20 pa tsiku, n'kutseka akaunti yawo kuti ni yokayikitsa. Mukapita kukadandaula adzakuuzani mau amene afala kwambili m'maofesi masiku ano: "Ni system." System ilibe dzina, ilibe nkhope, siingaitanidwe kwa a chairman. Ku UNZA na ku CBU kuli ana a komboni amene aphunzila makompyuta ndipo akungoyenda na ma CV m'manja. Amenewo ndiwo afunika kuphunzitsa makina aja mmene wakuba wa ku Chibolya amalankhulila. Ndipo makina akatseka ndalama ya munthu, pakhale munthu wa dzina woyankha pasanathe tsiku.

Catsala cimodzi, ndipo n'cimene ambili amaopa kukamba. Diso limene liona kawalala ni lomwelo limene liona imwe. Kuti makina adziŵe kuti lelo mwacita cacilendo, afunika kudziŵa zimene mumacita masiku onse: kumene mumagona, amene mumatumila foni pakati pa usiku, msonkhano umene munapitako pa Ciwelu. Ma tawa akamaculuka na kuyandikana, monga 5G imafunila, amakulozani molondola kuposa kale. Funso n'lakuti diso limeneli lili m'manja mwa ndani.

Ife si alendo pa nkhaniyi. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook na Twitter zinazima tili pa mizele yovota, mpaka a Chapter One Foundation anathamangila ku khoti. Caka comweco boma la a Edgar Lungu linali litakhazikitsa lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes, ndipo a Hakainde Hichilema, ali kotsutsa, analidzudzula. Mu April 2025 iwo ali pa mpando anasaina malamulo aŵili atsopano, Cyber Security Act na Cyber Crimes Act. Bungwe la maloya la LAZ linawatsutsa poyela, ndipo ofesi ya kazembe wa America inacenjeza nzika zake. Boma linayankha kuti palibe kumvetsela foni ya munthu popanda cilolezo ca khoti. Sinikamba izi kuti nikondweletse cipani ciliconse. Obiliŵila na ofiila, aliyense akafika pa mpando amaikonda ndodo imene anali kuitukwana.

Koma tiyeni tinene kuti boma lathu ni la angelo okha-okha. Vuto likalipo, cifukwa khomo limene wamangila apolisi silidziŵa kusiyanitsa nsapato. Ku Greece mu 2004 na 2005, anthu osadziŵika analoŵa m'makina a Vodafone, n'kuyatsa mbali imene inapangidwila kumvetsela kwalamulo. Anamvetsela mafoni pafupi-fupi 100, kuphatikizapo ya nduna yaikulu Kostas Karamanlis, kwa miyezi yambili. Kumapeto kwa 2024 ku America kunadziŵika kuti gulu limene analicha Salt Typhoon linali mkati mwa makampani aakulu monga AT&T na Verizon, ndipo linafika mpaka pa makina ogwilitsila nchito pomvetsela mafoni mwa cilolezo ca khoti. America inaloza cala ku China, China inakana. Akulu-akulu a zacitetezo a dziko lomwelo anafika pouza anthu kuti azigwilitsila nchito mapulogilamu obisa mauthenga. Ngati khomo limenelo linathyoledwa ku Washington, ndani anganitsimikizile kuti la ku Lusaka ni lolimba? Ise amene banki yathu yaikulu, Bank of Zambia, inaloŵeledwa na gulu la Hive mu May 2022?

Conco akaniuza kuti aika makina anzelu pa netiweki kuti aniteteze, nifuna kudziŵa zinthu zitatu, ndipo si zacinsinsi ca dziko. Ndani wa kunja kwa kampani na kunja kwa State House amene amaloledwa kutsegula makinawo n'kuona zimene amasunga? Pa caka, ni kangati pamene foni ya nzika inamvetseledwa, ndipo ni woweluza uti anasaina? Data yathu ikabedwa, tidzauzidwa liti? Tili na Data Protection Act kuyambila 2021. Lamulo la pa pepala limene mtsikana wa mu booth sangaligwilitsile nchito popanda loya wa K5,000 lili ngati ambulela yosungidwa m'sutikesi.

Nidziŵa ena a imwe mudzati, boi, ise tifuna cabe netiweki igwile, izi ni za anthu okhuta. Awe. Okhuta ali na inshuwalansi, ali na manejala wa ku banki amene amawadziŵa dzina. Iwe na ine banki yathu, ofesi yathu, msika wathu na cithunzi ca mwana wathu zonse zili m'kafoni kamodzi kong'ambika sikilini. Wopanda khomo lina ndiye afunika loko yolimba kwambili. Pakali pano citani zimene mungathe: foni ikataya netiweki pamene ya mnzanu ili bwino, musayembekezele mailo, thamangani. Kunyumba panganani liu limodzi lacinsinsi limene aliyense wopempha ndalama pa foni ayenela kuchula. Manambala a akawalala muziwapeleka ku ZICTA pa *707#. Koma musalole kuti akuuzeni kuti nchito yonse ni imeneyo, ngati kuti ise ndise tinamanga netiweki.

Asisi anatsiliza kubweza K4,300 ija patapita miyezi 11. Mwana wawo woyamba anakhala temu imodzi osapita ku ma tuition. Akali mu booth yomweyo, ndipo manje akamva mau aulemu pa foni amadula osayankha, ngakhale tsiku lina anali a headmaster. Ine n'nalemba kalata ku kampani ija kufunsa cinthu cimodzi: dzina kapena nambala ya wanchito amene anasintha SIM pa Cisanu cija, na NRC imene anaonetsedwa. Makina awo amasunga zonse, sekondi na sekondi, conco yankho lilipo. Kalata yoyamba anati afufuza. Yaciŵili sanayankhe. Yacitatu n'napeleka pa Mande, ndipo n'nakana kucoka pa kaunta mpaka mtsikana uja anadinda cidindo pa kope yanga.